Kopaletivi yathu ikudwala chiyani? Zizindikiro, magwero ake ndi zoyenera kuchita

Chaka ndi chaka, soya akangoyamba kuyoyola masamba m'mwezi wa Epulo, madandaulo amene ndimamva kwa anzanga a m'makopaletivi amakhala omwe aja. Mamembala akolola koma nkhokwe ya gulu ili pululu. Msonkhano waitanidwa, pabwera anthu osakwana ndi 10 omwe. Msungichuma akuti buku linanyowa ndi mvula. Ndinakhalapo mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, kenako anandisankha kulowa m'komiti yoyang'anira, imene imaunika ntchito za komiti yoyendetsa gulu, choncho zambiri zimene ndalemba pano ndinazionera pafupi, cholembera chili m'manja. Zimandiwawa kuona gulu limene anthu analiyamba ndi ndalama za ganyu likufa ndi matenda ochizika.

Kopaletivi imakhala pa mafuwa atatu. Membala ndi mwini wake chifukwa anagula masheya. Membala yemweyo ndiye amaigwiritsa ntchito: amagulitsirako mbewu, amagulako feteleza, amasungako ndalama. Ndipo ndi yemweyonso amene amalamula, ndi voti imodzi basi, kaya ali ndi sheya imodzi kaya 50. Apa m'pamene imasiyanirana ndi kampani, kumene mawu a munthu amalemera molingana ndi ndalama zimene anaikamo. Vuto lililonse lili m'munsimu mukalifukula bwino mupeza kuti fuwa limodzi lasuntha, ndipo ntchito yanu ndi kudziwa kuti ndi liti. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi gwero limene limapezeka kawirikawiri, n'kumatsika mpaka losowa.

## Musanayambe kufufuza, ikani izi patebulo

- malamulo a kopaletivi yanu, aja munapereka polembetsa ku boma pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998
- kaundula wa mamembala ndi masheya awo
- buku la maminitsi
- mabuku a malisiti ndi buku la ndalama zolowa ndi zotuluka
- sitetimenti ya ku banki ya miyezi 12 yapitayi

Mabukuwa ndi a gulu. Ngati limodzi lili kunyumba kwa munthu amene akukana kulitulutsa, vuto loyamba mwalipeza kale.

## Chizindikiro 1: Mamembala akugulitsa mbewu kwa mavenda

Ili ndiye bala lalikulu, ndipo komiti zambiri zimathamangira kuika chindapusa. Dikirani kaye. Munthu sagulitsa kwa venda chifukwa chodana ndi gulu lake.

1. Kopaletivi imachedwa kulipira. Venda amaima pamphambano ndi sikelo yake, ndalama zili m'chikwama. Mwana akufunika fizi ya teremu yachitatu, agogo ali m'chipatala, ndipo kopaletivi ikuti "bweretsani katundu, tikulipirani wogula akalipira." Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

- Fufuzani: tengani malisiti 20 a chaka chatha, muwerenge masiku kuchokera pamene membala anatula matumba kufika pamene analandira ndalama. Akapitirira milungu iwiri, musafunenso gwero lina.
- Konzani: lipirani kawiri. Gawo loyamba likhale la pompopompo, lofanana kapena loyandikira mtengo wa venda. Gawo lachiwiri lidze katundu akagulitsidwa. Tsiku la malipiro achiwiri lilembedwe pa lisiti, ndipo lisaphonyedwe ngakhale ndalamayo itachepa.
- Mpamba wa malipiro oyambawo uchokere ku masheya poyamba. Ukapanda kukwana, kambiranani ndi wogula kuti apereke ndalama zina patsogolo pa mgwirizano wolembedwa, kapena sungani katundu m'nkhokwe zovomerezeka zimene zimapereka lisiti loti n'kukongolera ku banki. Katapila ayi, ngakhale wobwereketsayo akhale membala mnzanu.

2. Membala sakhulupirira sikelo kapena magiredi. Ndinaonapo mayi wina atabweretsa matumba 4 a mtedza pangolo. Kalaliki anayeza sikelo itayang'ana kukhoma, n'kutchula makilo, n'kunena kuti thumba limodzi ndi la giredi yotsika popanda kulimasula. Mayiyo sanayankhe. Anasaina, n'kukwera ngolo. Chaka chotsatira sanabweretse ngakhale lichero limodzi, ndipo azichemwali ake awiri anamutsatira. Sikelo ija titaiyesa inapezeka kuti inali yolondola. Chimene chinasowa ndi chakuti mwini katundu aone yekha.

- Fufuzani: yezani mapaketi 10 a shuga osatsegula a kilo imodzi imodzi, pamaso pa anthu, m'mawa uliwonse wa msika. Sikelo yogulira malonda iyeneranso kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.
- Konzani: nambala ya pasikelo awerenge mwini katundu, mokweza. Zitsanzo za magiredi muziike m'mabotolo oonekera patebulo. Lisiti likhale ndi makope atatu: la membala, la kunkhokwe, la msungichuma.

Nkhani ya sikelo si yaing'ono. Anthu 28 amene anatsegula kasitolo kawo pa msewu wa Toad Lane m'tauni ya Rochdale ku England mu 1844, kamene ambiri amati ndi chiyambi cha makopaletivi amakono, anatopa ndi eni masitolo amene ankabera pamuyeso ndi kusakaniza zinyalala mu ufa. Muyeso wachilungamo ndiwo unali malonda awo oyamba.

3. Membala sadziwa kuti mtengo wake wafika bwanji pamenepo. Amamva pawailesi mtengo wa m'tauni, kunoku n'kulandira wotsika, ndiye amaganiza kuti komiti yadya pakati.

- Konzani: lembani masamu onse pabolodi pakhomo la nkhokwe. Tiyerekeze wogula akupereka K1,000 pa kilo. Thiransipoti K60, thumba ndi ulusi K20, onyamula ndi alonda K20, gawo lotsala m'gulu K50, membala alandira K850. Munthu akaona kumene K150 yapita, ndipo akadziwa kuti K50 ija idakali yake, amaugwira mtima.

4. Anadya kale ndalama ya venda. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba, venda amayenda khomo ndi khomo kupereka ndalama kuti adzatenge mbewu pokolola. Pofika Meyi mbewuyo imakhala si ya mlimi ayi.

- Fufuzani: funsani mwamseri, munthu mmodzi mmodzi. Pagulu palibe amene angavomere.
- Konzani: patulani kathumba ka ngongole zing'onozing'ono za miyezi ya njala, zodula pa malipiro oyamba, kapena limbikitsani mamembala kukhala mu banki m'khonde imene imagawana ndalama chakumapeto kwa chaka.

5. Atsogoleri nawonso ndi mavenda. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha gulu msanga. Onani m'buku la kunkhokwe kuti wapampando, mlembi ndi msungichuma anatula makilo angati. Mtsogoleri amene ali ndi sikelo yakeyake pakhonde akupikisana ndi gulu limene akulitsogolera. Asankhe chimodzi.

Zinayi zoyambazo mukazikonza, m'pamene chindapusa cha m'malamulo anu chingagwire ntchito kwa ochepa otsalawo.

## Chizindikiro 2: Kumisonkhano kukubwera anthu ochepa

1. Zonse zimakhala zitagamulidwa kale. Anthu amayenda mtunda wautali kuti adzangoombera m'manja zimene komiti inapangana dzulo lake. Tsegulani buku la maminitsi: m'misonkhano itatu yapitayi, kodi pali mfundo ngakhale imodzi imene inachokera kwa membala wamba, kapena imene mamembala anaikana? Ngati palibe, yambani kutumiza mitu ya zokambirana masiku amene malamulo anu akunena asanakwane, ndipo nkhani zazikulu monga ngongole, kugula katundu ndi kugawa phindu zizivoteredwa. Pa chisankho cha atsogoleri gwiritsani ntchito timapepala tachinsinsi. Kuima pamzere kumbuyo kwa munthu kumaopsa amene anabwerekako ngolo kapena chimanga kwa iye.

2. Samawerengerako ndalama. Msonkhano wa mapemphero, malonje ndi malangizo okhaokha sukoka munthu amene wasiya munda. Msungichuma aziimirira n'kunena zinthu zinayi: zimene zinalipo, zalowa, zatuluka, zatsala. Sitetimenti ya ku banki iziyenda m'manja mwa anthu.

3. Tsiku ndi nthawi n'zolakwika. Tsiku la msika, nthawi yopalira, kapena madzulo pamene amayi ali pamoto. M'magulu ambiri amene ndikuwadziwa amayi ndiwo ochuluka, koma nthawi ya msonkhano amasankha abambo.

4. Anazolowera alawansi. Mabungwe ena anatizoloweza kuti msonkhano ndi fanta ndi envulopu. Nenani poyera kuti uwu ndi msonkhano wa eni ake, ndipo ndalama iliyonse yogulira zakumwa ichoka m'phindu lawo lomwe.

5. Kaundula ndi wotupa. Muli mayina a omwalira, osamuka, ndi ena amene analembedwa kuti chiwerengero chioneke chachikulu pofunsira thandizo. Chifukwa cha mayina amenewa chiwerengero chofunika kuti msonkhano ugamule nkhani sichikwana. Yendani khomo ndi khomo, konzani kaundula motsata malamulo anu, ndipo masheya a omwalira aperekedwe kwa amene anatchulidwa kuti ndiye wolowa m'malo.

## Chizindikiro 3: Ndalama za m'buku sizikugwirizana ndi zimene zilipo

Mawu akuti "wakuba" musawatulutse msanga. Akatuluka sabwerera, ndipo nthawi zambiri gwero limakhala lina.

1. Sizinalembedwe. Wina anatumidwa kukagula ulusi, wina analipira kabaza, wina anapereka chipepeso pamaliro a membala, zonse popanda kapepala. Miyezi 6 ikatha, dzenje lakula ndipo palibe akukumbuka.

- Fufuzani: anthu atatu osakhala m'komiti yoyendetsa akhale pansi ndi mabuku a malisiti. Aone ngati manambala akutsatana. Tsamba lililonse long'ambidwa lifotokozedwe.
- Konzani: ndalama isatuluke popanda vocha yosainidwa ndi anthu awiri, ngakhale ikhale K500. Buku lilembedwe tsiku lomwelo.

2. Munthu mmodzi ndiye amalandira, kusunga ndi kulemba. Ngakhale munthuyo akhale mkulu wa mpingo, mwamuika pa mayesero, ndipo tsiku limene adzalakwitse masamu adzasowa mboni. Gawani ntchito: wolandira wina, wolemba wina, wokaika ku banki wina. Wosunga makiyi a nkhokwe asakhale yemwe amalemba buku la katundu.

3. "Ndibwereke, ndibweza Lachisanu." Ngongole za atsogoleri zapakamwa ndizo zinatigwetsa ife chaka china. Munthu mmodzi anatenga kuti akagule mankhwala a mwana, ndipo zinali zoona. Wachiwiri atamva anatenganso. Pofika nthawi yogula soya, m'bokosi munali timapepala tolembedwa mayina m'malo mwa ndalama, ndipo alimi anabwerera ndi matumba awo pa njinga. Ine ndinkadziwa za munthu woyamba uja koma ndinakhala chete poopa kuoneka wouma mtima. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati gulu likufuna kuthandiza pa matenda ndi maliro, likhazikitse thumba la chithandizo lapadera, lodziwika kwa onse.

4. Ndalama zikudutsira pa foni ya munthu. Wogula watumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ya wapampando, ndalama ya gulu yasakanikirana ndi ya pakhomo, ndipo zodula potapa palibe amene wazilemba. Tsegulani nambala kapena akaunti ya m'dzina la kopaletivi. Ogula akuluakulu azilipira ku banki basi.

5. Katundu wachepa m'nkhokwe. Soya wogulidwa asanaumitsitse amapepuka, thumba la makilo 50 likhoza kutaya makilo 2 kapena 3. Onjezanipo makoswe, anankafumbwe, denga lodontha, ndi mtedza wogwidwa chuku umene wogula waukana. Werengani matumba mwezi uliwonse, yezaninso ena mwa iwo, ikani matumba pa mathabwa osati pansi, ndipo mbewu yosauma ibwezedwe ikayanikidwe ngakhale mwini wake akhale mfumu.

6. Kuba kwenikweni. Zizindikiro zake: macheke osainiratu opanda chiwerengero, malisiti awiri a nambala imodzi, siginecha yosafanana ndi ya mwini wake, mayina a alimi amene m'mudzi mulibe.

Mukafika pa nambala 6, imani pomwepo. Musalande njinga kapena mbuzi za munthu, musamuyalutse pa WhatsApp, ndipo musasainirane kuti "nkhani yathera pano." Tsekerani mabuku onse pamalo amene makiyi ake ali ndi anthu awiri, lemberani banki kuti iyambe yaimitsa kutapa ndalama kufikira osainira atakonzedwa, kenako pitani ku ofesi ya zamalonda ya paboma lanu mukapemphe odita, katswiri wounika mabuku a ndalama.

## Chizindikiro 4: Anthu ayamba kunena kuti "kopaletivi ya a Uje"

Dzina la gulu likayamba kutchulidwa ndi dzina la munthu, fuwa la ulamuliro lachoka.

1. Nthawi ya udindo inatha koma chisankho sichinachitike. Werengani m'malamulo anu kuti komiti imakhala zaka zingati, ndiponso munthu angabwerezenso kangati. Yerekezani ndi tsiku la chisankho chomaliza m'maminitsi. Malamulo ambiri amapatsa mamembala mphamvu yoitanitsa msonkhano wapadera akasainira kalata anthu okwanira chiwerengero china. Pezani ndime imeneyo, muitsate ndendende, ndipo muitane mlangizi wa zamalonda adzakhale mboni.

2. Ndi yekhayo amene amadziwa zinthu. Nambala za ogula zili mu foni yake, ku banki amadziwa iye, Chingerezi cha m'mafomu amamva iye. Anthu amaopa kumuchotsa chifukwa khoswe wakhala pamkhate. Mankhwala ake ndi maphunziro, osati mkangano. Popita kwa wogula azipita awiri, mmodzi wachinyamata. Komiti izisinthidwa mwa magawo kuti odziwa ndi atsopano azikumanamo. Munthu amene anatumikira bwino mumuthokoze pagulu ndipo muzimufunsabe nzeru, koma mpando aupereke.

3. Katundu wa gulu ali pa malo ake. Nkhokwe inamangidwa pa munda wa wapampando kapena wa mfumu popanda chikalata. Tsiku limene mudzamuchotse, adzatseka njira. Nkhani ya malo isathere pakamwa, pitani ku ofesi yoona za malo paboma, zilembedwe m'dzina la kopaletivi.

4. Ali ndi masheya ambiri ndiye akufuna mawu ambiri. Mu kopaletivi ya mamembala wamba, voti ndi imodzi pa munthu. Onaninso malire a masheya amene munthu mmodzi angakhale nawo, chifukwa amene ali ndi gawo lalikulu la mpamba akangoopseza kuti atuluka, gulu lonse limagwada.

5. Banja limodzi ladzaza maudindo. Mwamuna wapampando, mkazi msungichuma, mphwake kalaliki. Ikani m'malamulo kuti a nyumba imodzi asakhale osainira ku banki onse awiri, ndiponso kuti m'komiti yoyang'anira musakhale m'bale wa msungichuma.

## Chizindikiro 5: Pogawana phindu pamabuka ndewu

1. Anthu asokoneza phindu la masheya ndi bonasi. Mu banki m'khonde tinazolowera kuti wamasheya ambiri ndiye amatenga zambiri, ndipo kumeneko n'zoyenera chifukwa malonda ake ndi ndalama zomwezo. Mu kopaletivi ya alimi phindu limabadwa ndi matumba amene anatulidwa. N'chifukwa chake kuyambira kwa a ku Rochdale aja, mpamba umalandira mphoto yokhala ndi malire, ndipo gawo lalikulu limabwerera kwa anthu molingana ndi mmene anagwiritsira ntchito gulu lawo.

Tiyerekeze chaka chatha patsala K3,000,000 zonse zitalipidwa. Msonkhano waukulu wapatula K1,000,000 ya thumba losungira mtsogolo ndi maphunziro, K500,000 ya masheya, ndipo K1,500,000 ndi ya bonasi. Ngati mamembala onse anatula makilo 30,000, bonasi ndi K50 pa kilo. Mayi amene anatula matumba 40 a makilo 50 alandira K100,000 ngakhale ali ndi sheya imodzi. Bambo wa masheya 30 amene anagulitsa soya wake yense kwa venda alandira za masheya zokha. Akadandaula, muonetseni buku la kunkhokwe. Ine ndimaona kuti bonasi yoperekedwa pamaso pa anthu imabweza mamembala ambiri kuposa chindapusa chilichonse.

2. Mukugawana chimene si phindu. Ndalama zili ku banki si zonse zogawana. Muli masheya a anthu, ngongole yosabweza, ndi ndalama yodzakonzera makina. Gulu limene limagawana zonse mu Disembala limafika Epulo lilibe chogulira ngakhale thumba limodzi. Musagawane phindu mabuku asanaunikidwe ndi odita ndi kuvomerezedwa pa msonkhano waukulu wa pachaka, ndipo gawo la thumba losungira limene lamulo ndi malamulo anu akunena lichotsedwe poyamba.

3. Mtengo wa sheya unatsalira m'mbuyo. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sheya imene munaikhazikitsa zimenezi zisanachitike lero sigula zimene inkagula. Akale amaona ngati atsopano akulowa motchipa, ndipo mpamba sukwaniranso kugula mbewu. Kambiranani pa msonkhano waukulu zoonjezera masheya amene membala aliyense ayenera kukhala nawo, ndipo osauka aloledwe kulipira pang'onopang'ono, kapena ndi mbewu. Khomo likhalebe lotsegula kwa aliyense amene angagwiritse ntchito gulu ndi kusenza udindo wake.

## Chizindikiro 6: Makina a thandizo angokhala, gulu limadzuka alendo akamabwera

1. Gulu linabadwa chifukwa cha thandizo. Kunamveka kuti bungwe likupereka makina oyengera mafuta kwa magulu olembetsedwa, anthu n'kulembana mayina usiku umodzi. Funsani mamembala 10 funso ili: "Makinawa ndi a yani?" Akayankha kuti "ndi a bungwe lija," ndiye kuti umwini palibe. Lamulo loyamba la makopaletivi m'dziko muno linabwera mu 1946, nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri mwa magulu oyambitsidwa kuchokera kumwamba sanakhalitse. Mfundo 7 zimene bungwe la makopaletivi padziko lonse la International Co-operative Alliance linagwirizana ku Manchester mu 1995 zili ndi imodzi, yachinayi, yonena za kudziimira paokha: thandizo lilandiridwe, koma chiwongolero chikhale m'manja mwa mamembala. Bwererani pa chiyambi. Kodi vuto limene tonse tili nalo, loti mmodzi sangalithe yekha, ndi liti? Yambani ndi limenelo, ngakhale kukhale kugula feteleza pamodzi chabe.

2. Makina ndi aakulu kuposa zokolola zanu. Werengani makilo amene makinawo amafuna pa tsiku, muyerekeze ndi amene munatula chaka chatha. Ngati mbewu zanu zonse zingathe m'milungu itatu, gwirizanani ndi makopaletivi oyandikana nawo. Alimi a khofi a kumpoto, kuphatikizapo a ku Misuku, ali ndi makopaletivi awoawo koma amakonza ndi kugulitsa khofi wawo kudzera mu mgwirizano umodzi wa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union.

3. Palibe ndalama ya magetsi, dizilo ndi zosinthira. Pa lita iliyonse kapena thumba lililonse lokonzedwa, dulani kandalama kopita ku akaunti yapadera ya makinawo. Waya wa magetsi ndi injini musazigwire nokha, itanani mmisiri wodziwa.

## Chizindikiro 7: Ngongole za mamembala sizikubwezedwa

Yambani ndi mayina a atsogoleri. Ngati iwo sanabweze, wina aliyense sabweza. Chachiwiri, onani ngati tsiku lobweza likugwirizana ndi nthawi yokolola. Chachitatu, onani ngati panali fomu ndi mboni. Chomaliza ndi tsoka lenileni, monga chilala kapena madzi osefukira, ndipo pamenepo msonkhano waukulu ukhoza kutalikitsa nthawi poyera, kwa onse okhudzidwa mofanana.

Ngati gulu lanu layamba kulandira ndalama zosungitsa ndi kubwereketsa ngati ntchito yake yaikulu, mwalowa m'gawo la ma SACCO. Amenewa ali ndi lamulo lawolawo la 2011 ndipo amayang'aniridwa kudzera ku Reserve Bank of Malawi. Funsani a MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO umene unayamba mu 1980, musanalandire ndalama ya munthu wina aliyense.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana odziwa

- Siginecha zabodza, macheke osowa, kapena ndalama yaikulu yosafotokozeka: mlangizi wa zamalonda paboma ndi odita poyamba. Lipoti lawo ndilo mupite nalo kupolisi.
- Komiti ziwiri, iliyonse ikuti ndiyo yovomerezeka, kapena atsogoleri akukana chisankho: lemberani mkulu wolembetsa makopaletivi ku unduna woona za malonda. Amfumu angathandize kuziziritsa mitima, koma chigamulo cha nkhani ya malamulo a gulu si chawo.
- Mabuku sanaunikidwe zaka ziwiri kapena kuposerapo: musagawane phindu, musatenge ngongole ina.
- Banki kapena wogula akufuna chikole cha nkhokwe, malo kapena makina: loya awerenge mgwirizanowo, ndipo msonkhano waukulu uvomereze zisanasainidwe.
- Mwalandira masamoni a kukhoti kapena kalata ya msonkho: musaibise m'thumba la wapampando. Masiku oyankhira amakhala owerengeka.
- Mukufuna kusintha malamulo, kuphatikizana ndi gulu lina, kapena kuthetsa kopaletivi: zonsezi zimadutsa ku ofesi yolembetsa. Kugawana matebulo ndi malata panokha kukhoza kukusiyani ndi ngongole za gulu pamutu panu.
- Wina waopsezedwa kapena kumenyedwa: kupolisi tsiku lomwelo.

Popita ku maofesi amenewa pitani anthu osachepera atatu, mmodzi akhale wa komiti yoyang'anira. Nyamulani satifiketi ya kopaletivi, malamulo anu, maminitsi a msonkhano umene unakutumani, ndi mafotokope a masamba amene akukayikitsa. Mabuku enieniwo asachoke m'manja mwanu popanda wolandirayo kusainira kuti walandira mabuku angati, tsiku liti.